Mkangano wa Chipande Chofiira

Ku kampu, Wisconsin
Lamlungu, 28 Julayi

Okondedwa achemwali Gila,

Ndikhulupirira muli bwino ku Haifa kumeneko, inu ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti udzudzu wa kuno sunasinthe khalidwe kuyambira nthawi imene inu ndi ine tinkagona m'tinyumba timeneti. Mankhwala opaka munatumiza aja ndinalandira. Ndinawerenga kapepala kake mbali zonse ziwiri ndisanatsegule botolo, ndipo mukhoza kuseka.

Munafunsa za ntchito. Chaka chino andipatsa ophunzira atatu a digiri yachiwiri, amene akuphunzira uphungu wa za m'maganizo, kuti ndiwaphunzitse ntchito pakati pa ana. M'mawa uliwonse timakhala pakhonde la kachipatala, aliyense n'kufotokoza za ana amene akuwathandiza, ine n'kumafunsa mafunso mpaka atatopa nane. Awiri anakulira m'makampu a tchuthi a ana achiyuda ngati ife. Wachitatu, Avital, anali asanagonepo pa kampu chibadwire. Tsiku loyamba anandifunsa kuti ofesi yake ili kuti, ndipo ndinamulozera benchi ya pansi pa mtengo. Anaiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino. Nanga chitseko chake?"

Avital yemweyu ndi amene ndinamupatsa kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi. Ndikatcha Dalia, koma si dzina lake lenileni. Kwawo makolo akusiyana, ndipo sakusiyana mwakachetechete. Sabata yoyamba anyamata awiri anayamba kukalipirana m'holo yodyera chifukwa cha mpando. Dalia anathawira kuseri kwa khitchini, ndipo tinamupeza atakhala pansi, akulephera kupuma. Ndinawaimbira mayi ake monga mmene malamulo athu amanenera. Iwo anati zikachitikanso abwera kudzamutenga tsiku lomwelo. Dalia atamva anagwira mkono wa Avital n'kunena kuti, "Chonde, ndisapite kunyumba. Kuno kuli bwino." Kuyambira pamenepo nkhawa yanga inali imodzi yokha, yakuti mwanayu afike kumapeto kwa kampu.

Ndiye kunabwera nkhani ya Makabiya. Mukukumbukira mmene tinkaidikirira mipikisano imeneyi, kampu yonse kugawanika pawiri, oyera ndi abuluu, ndiponso mmene oyang'anira ana amabisira tsiku loyambira kenaka n'kutidzidzimutsa. Chaka chino wotsogolera ndi Yoav, mkulu wa zamasewero, mnyamata wa ku Beer Sheva amene amayankhula ngati nthawi zonse ali tsidya lina la bwalo. Anandiitanira pambali n'kundiuza mapulani ake monyadira. Lachinayi pa chakudya chamadzulo, iye ndi mphunzitsi wa kusambira adzayamba kukangana pamaso pa ana onse, kukalipirana, kugwetsa mipando, ndipo ana akadzangoti zinthu zavuta, ng'oma zidzalira, mbendera n'kulowa.

Achemwali, nthawi yomweyo ndinaganiza za Dalia. M'mawa mwake ndinawauza ophunzira anga pakhonde, ndipo ndinati njira yabwino ndi kumutulutsa Dalia m'holo madzulo amenewo, tinamizire kuti akufunika kukachipatala.

Avital anapukusa mutu. "A Shula, ndiye akhala mwana yekhayo pa kampu yonse amene sanaone Makabiya ikuyamba. Ndipo adziwa chifukwa chake. Timuuze."

"Timuuze chiyani?"

"Kuti kukubwera mkangano wabodza."

Anzake awiri aja anamuyang'ana ngati wanena kuti tikadye nkhumba. Ine ndinamufotokozera modekha kuti zimenezo sizichitika. Iye anandikumbutsa, modekhanso, kuti ndine ndemwe ndinawaphunzitsa kuti mwana wamantha sumubisira zimene zikubwera, umamukonzekeretsa. N'zowawa kugonjetsedwa ndi mawu ako omwe.

Tinapita kwa Yoav. Tinamupeza akupopa mipira.

"A Shula, inuyo munakulira pano," anatero. "Munamvapo mwana akuuzidwa za Makabiya?"

"Sindinamvepo."

"Ngakhale mwana wa a rabi, mkulu wa chipembedzo, sauzidwa. Mayi anga ondibereka atandifunsa, ndingawanamize osaphethira."

"Ndiye mwanayu apite kwawo kuti kasewero kako kakome?" anafunsa Avital.

"Tamumvani. Wabwera dzana, akuti kasewero. Iwe, ukudziwa kuti ine ndakhala ndikuyeserera kugwetsa mpando popanda kuuthyola?"

"Ndakuona. Umagwetsa ngati ukuupepesa."

Anakokanakokana choncho, ine ndili pakati ndikuwapempha kuti atsitse mawu. Pomaliza Yoav anavomera, koma anaika malire. Dalia auzidwe kuti tsiku lina m'holo mudzabuka mkangano wabodza, basi. Asauzidwe tsiku, asauzidwe anthu ake. Ndinaona kuti n'zomveka. Ine amene ndimaganizira chilichonse chimene chingalakwike, pamenepa sindinaonepo vuto.

Avital anakhala ndi Dalia pabenchi paja n'kumuuza. Anayeserera limodzi zoti adzachite: kuponda pansi mwamphamvu, kupuma pang'onopang'ono, kuyang'ana kukhomo kumene Avital adzaime. Dalia analumbira pa dzina la galu wake kuti sauza munthu, ndipo anasungadi. Ankayenda pa kampu ngati munthu amene wameza ndalama yagolide.

Lachitatu masana tinali ndi makaroni a tchizi. Yoav anachedwa ku bwalo, ana ake anali ndi njala, ndiye analowa yekha kukhitchini, n'kutola chipande choyamba chimene anachiona, n'kuchiviika mu mphika waukulu wotentha umene unali pawindo logawira. Chipandecho chinali cha chigwiriro chofiira. Cha nyama, achemwali, mu mphika wa tchizi wa kampu yonse. Paja lamulo lathu lachiyuda silola kuti za nyama zikhudzane ndi za mkaka, n'chifukwa chake za mkaka zili ndi zipande zake zabuluu.

A Bracha akadali pano, akulamulirabe khitchini, ndipo mawu awo sanakalambe.

"Iwe, chimene chili m'manja mwakocho n'chiyani?"

"Chipande, mayi."

"Cha mtundu wanji? Kapena ku Beer Sheva kulibe maso?"

"Mukanaika chabuluu pafupi, bwenzi nditatenga chabuluu."

"Ndiye wolakwa ndine? M'khitchini mwanga?"

Anatulukira m'holo akukalipa, Yoav akubwerera cham'mbuyo chipande chili m'manja, nayenso akukweza mawu. Anagunda mpando n'kuugwetsa, ulendo uno osaupepesa. Ine ndinaona khosi la a Bracha litafiira, ndipo ndinadziwa kuti pano palibe sewero. Ndinadzuka mofulumira mpaka ndinatayira madzi pa siketi. Avital anali kutali, kumatebulo a ana aang'ono. Ndinayamba kupanikizika pakati pa mabenchi kulowera kumene kunali Dalia, m'mutu ndikukonza kale mawu owauza mayi ake.

Ndinamuona ataponda pansi, akupuma monga anaphunzitsidwira. Anayang'ana kukhomo, Avital kunalibe. Anayang'ananso a Bracha. Kenaka kamwana kameneka, kamene kamayankhula monong'ona, kanakwera pabenchi n'kukuwa kuti, "Ndi wabodza! Ndi Makabiya!"

Zimene zinatsatira mukhoza kuziganizira. Ana onse anadzuka, kumenya matebulo, kuimba, ena kulira ndi chimwemwe. Mbendera zinali zisanaume penti m'kanyumba ka zojambula. Oimba ng'oma anali akudya. Yoav anaima pakamwa pali yasa, anayang'ana ana, anayang'ana chipande, kenaka anachikweza m'mwamba ngati lupanga n'kulengeza kuti Makabiya yayamba. Akanatani? Ana akuluakulu anawazungulira a Bracha akuimba dzina lawo, akuti sanaonepo munthu wodziwa kusewera chonchi. Iwo ankangoti, "Ine sindikusewera, ndisiyeni," koma amene ankawamva ndi ine ndekha.

A rabi anabwera kudzaona mphika uja. Anafunsa kuti chipandecho chinagwira nyama liti, anayeza kukula kwa mphika, n'kunena kuti chakudya chikhoza kudyedwa, koma chipande chiwiritsidwe. Yoav anachiwiritsa yekha, a Bracha ataima kumbuyo kwake. Oyang'anira ana anapachika mbendera zonyowa, ndipo mpaka lero theka la iwo ali ndi zikhato zabuluu.

Mwina mukuganiza kuti ine ndinasangalala. Ndinasangalaladi, kwa kanthawi. Kenaka ndinayamba kuganiza kuti mwanayu walimba mtima chifukwa cha chinthu chimene si choona. M'mawa mwake pakhonde ndinati mwina tingomusiya akhulupirire choncho mpaka kampu ithe. Avital anati ayi. Anati ana othandiza kukhitchini akudziwa kale, ndipo Dalia akadzamva kwa wina, sadzakhulupiriranso chilichonse chimene timuuze. Ndinamufunsa kuti nanga akagwanso, mayi ake n'kubwera? Anati, "Ndiye tidzakhala naye pamenepo. Koma ine sindimunamiza." Ndinamulola.

Avital anamuuza Lachisanu madzulo, ana atavala kale zoyera za Sabata. Ine ndinakhala kumapeto kwa benchi, ndikunamizira kumanga nsapato. Dalia anamvetsera, n'kufunsa kuti, "Ndiye a Bracha anakwiyadi?"

"Anakwiyadi," anatero Avital.

"Zenizeni?"

"Zenizeni."

Ndinamuyang'ana Dalia. Sanathawe.

"Koma m'mawa ndinawaona akumugawira Yoav mazira," anatero. "Anamupatsa ambiri kuposa wina aliyense."

"Eya, nanenso ndinaona."

Anaganizanso pang'ono. Kenaka anapempha kuti tisawauze mayi ake zoti anakwera pabenchi, chifukwa n'zoletsedwa.

Lero m'mawa ndawaimbira mayi ake. Ndawauza zonse, za benchi zomwe, chifukwa mukundidziwa. Ndawauza kuti m'holo munabuka mkangano weniweni, waukulu kuposa woyamba uja, ndipo mwana wawo sanathawe. Anapempha kuyankhula naye. Ndinatuma Avital kukamuitana ku bwalo, ndipo anabwera yekha. Uthenga unali wakuti Dalia ali pa mpikisano wokokana chingwe, timu ikumudalira, awalembera kalata mawa. Ndinawauza mayiwo mawu amenewa ndi mantha, poganiza kuti akhumudwa. Kenaka anati, "Ndiye ndisabwere?" Ndinati musabwere, adzakwera basi limodzi ndi anzake. Anaseka, koma kuseka kwa munthu amene mphuno yatsekeka, n'kupempha kuti ndiwatumizire chithunzi.

Avital ndamulembera ndemanga yabwino ya ku sukulu kwake. Ndalembamonso kuti amatsutsana ndi womuyang'anira, ndipo ndaziika kumbali ya zabwino. Yoav akuuza aliyense kuti zonse anakonza dala. A Bracha amuletsa kuponda m'khitchini mpaka adzakwatire.

Mundipatsire moni alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Muwauze kuti chaka chamawa ndikuwafuna kuno. Mukapita kukawaona Amayi muwapatse moni, muwauze za chipande, aseka. Mukawaimbira Bambo, nawonso moni, padera monga mwa nthawi zonse. Za Dalia musawauze onse awiri. Zimenezi ndalembera inu nokha, chifukwa ndinu amene munkakhala nane pamasitepe kwathu kuja Amayi ndi Bambo akamakangana, mutanditseka makutu, n'kumandinong'oneza kuti zitha posachedwa. Sindikudziwa ngati ndinakuthokozanipo.

Ndilekere pomwepa. Makabiya ikutha madzulo ano, ine andiika ku timu ya oyera, ndipo tikugonja momvetsa chisoni. Dalia waima pakhomo, manja ali m'chiuno, akuti a Shula mukuchedwetsa timu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Shula