Zoyamika Zimalowera Kukhitchini

Lachiwiri, 4 Malichi, 10 koloko m'mawa

Ndakhala pansi tsopano, simbi ikuzizira. Kope ili ndi la mdzukulu wanga, analisiya masamba akadalipo ambiri. Kulemba kwanga n'kwa nkhuku yopalasa, koma wowerenga ndine ndekha.

Posita jekete la mwana wanga, abusa athuwo, ndapeza kalata m'thumba lamkati. Sindinawerenge. Bodza, ndawerenga kawiri, chala pamzere. Akulembera akulu a mpingo kuti akutula pansi udindo. Aipereka pamsonkhano wawo Lamulungu likudzali. Zaka khumi ndi chimodzi paguwa, lero akuti watopa.

Ndaibwezera momwemo. Jekete ndasita bwinobwino. Munthu ngakhale akuthawa azioneka.

Lachitatu, 5 Malichi

Gwero lake ndi bokosi lija. Chaka chatha a Magalasi, mkulu wa mpingo amene amayang'ana munthu ngati akusankha nyemba zofumbwa, anakhoma kabokosi pakhomo la tchalitchi. Akuti ka maganizo. Lamulo lake: chilichonse chogwera m'menemo chiwerengedwe mokweza pamsonkhano wa akulu, abusa ali pomwepo, osadumpha ngakhale liwu limodzi. Dzina salemba.

Zotuluka m'menemo nazi. Ulaliki ngwautali. Ulaliki ngwaufupi, sakonzekera. Amachedwa kumisonkhano. Mkazi wake saseka. Nsapato zake zinatha. Wina analemba kuti mayi ake a abusa ali ndi pakamwa. Ameneyo yekha ndiye ananena zoona.

Timapepalato mwana wanga amabwera nato kunyumba, n'kutindanda patebulo ngati mankhwala. Chakudya mpaka kuzizira. Tsiku lina ndinamuuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye anangoti, "Amayi, nkhonya zokhazokha?" Ndinangonyamula mbale n'kupita nazo kukhitchini. Ine amene.

Lachisanu, 7 Malichi

Dzulo sindinalembe, bondo linandigoneka.

Lero mayi wina wosoka zovala wa mumpingo mwathu wagogoda kukhitchini, kubweza buluku la abusa. Akuti pamene mwamuna wake ankatsirizika kuchipatala, abusa anakhala pabenchi la pakhonde masiku atatu. Osalalikira. Kungokhala, n'kumamusungira chikwama akaitanidwa ndi adokotala. Akuti ndiwauze kuti sanaiwale. Ndati ndiwauza.

Atachoka ndangoima, mbale m'manja. Ndiwauza. Mawu amenewa ndanena kangati? Makaniko wapakona anabwerapo mwezi watha, akuti akanapanda abusa bwenzi banja lake litatha. Ndiwauza. Namwino wina nayenso anabwera. Ndiwauza. Ndipotu masiku atatu apabenchiwo ndi omwe analembedwa m'bokosi kuti amachedwa kumisonkhano.

Oyamika sadzera pakhomo lakumaso, amaopa kusokoneza abusa akuwerenga. Amazungulira kuseri, n'kutula mawu kwa ine ndi mpongozi wanga. Ife zikomo, n'kubwerera kumapoto. Ndinkadziuza kuti kuyamika kumatupitsa mutu. Malemu bambo ake ndinakhala nawo choncho zaka makumi anayi, sanatupe, koma sindikudziwa ngati anakhuta.

Ndiye zodandaula zili ndi bokosi, loko, ndi munthu woziwerenga mokweza. Zoyamika zili ndi nkhalamba youma pakamwa. Womumana mwana wanga ndine.

Kulira ayi. Ntchito.

Loweruka, 8 Malichi

M'mawa ndayenda khomo ndi khomo, bondo likudandaula lokha, kufunsa aliyense ngati ndingamutchule. Wakana mmodzi, ndamusiya. Makaniko wapukuta manja pa ovolosi, akuti dzina lake ndilembe ndi zilembo zikuluzikulu.

Masana onse patebulo la kukhitchini ndi mpongozi wanga. Ine kukumbukira, iye kuwongola zilembo. Masamba anayi. Sitinathire mchere, zonse monga anazinenera eni ake. Mpongozi wanga amafuna kuchotsa mawu ena, akuti ngakuthwa. Ndati mwana wanga, ukanakhala wakuthwa pang'ono bwenzi asakulemba kuti suseka. Waseka mpaka misozi. Olemba aja akanamuona.

Pamapeto ndaikapo zanga: ulaliki wako nthawi zina ngwautalidi, fupikitsa. Koma amene anakuitana si bokosi. Ndasaina dzina langa lonse.

Kabowo ka bokosi lija n'kakang'ono. Ndapinda kanayi, n'kukankhira ndi chogwirira cha supuni. Mpongozi wanga akuopa kuti tiwachititsa manyazi abusa. Ine mtima uli m'malo. Lamulo anaika okha.

Lamulungu, 9 Malichi, 4 koloko madzulo

Msonkhano wa akulu ine sindilowa. Ndinali panja, kupukuta zenera la chipindacho. Linali loyera kale.

A Magalasi anayamba ndi kapepala konena kuti abusa amakondera kwaya. Kenako zanga. Tsamba loyamba bwinobwino. Lachiwiri kutsokomola. Akuti izi zatalika, tidumpheko. Mkulu wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene chaka chonse samveka, anati lamulo ndi lanu lomwe, osadumpha liwu.

A Magalasi anapitiriza. Anafika pamene mkazi wawo yemwe anandiloleza kulemba: kuti mwana wawo wamkazi atathawa panyumba, anagona pasofa pathu sabata ziwiri, ndipo abusa ndiwo anam'bweza osauza munthu. Apo a Magalasi anavula magalasi awo. Koyamba kuwaona maso awo. Ang'onoang'ono, a munthu ndithu.

Mwana wanga mutu pansi nthawi yonseyo. A Magalasi atafunsa ngati pali nkhani ina, dzanja la mwana wanga linalowa m'thumba lamkati. Linatuluka ndi kansalu kopukutira kumaso.

Ndinatsala pang'ono kuswa zenera la eni ake.

Lachiwiri, 11 Malichi

Bokosi likadali pomwepo, ndipo timapepala tibwerabe. Asiyeni, mtengo wopanda zipatso sagenda.

Lero m'mawa mwana wanga walowa kukhitchini, munthu wosadziwa ndi pokhala masupuni pomwe. Wakhala pampando wanga. "Amayi, mumandipisa m'matumba?" Ndati ndinayamba uli ndi zaka zisanu, ndisiyire lero? Wang'amba kalata ija pamaso panga, n'kufunsa kuti enanso amene anagogoda ndani. Ndamuuza mpaka tiyi kuzizira. Paguwa sachoka.

Potuluka wanena kuti mnzake amene anaphunzira naye ubusa, wa mpingo wa kutsidya kwa njanji, nayenso kalata yake analemba kale, akungodikira tsiku.

Ndiye masamba awa ndikung'amba, ngakhale ndinalembera ine ndekha. Abusa akutsidya, pepani ndi zilembo zanga. Musanapereke kalatayo, zungulirani kuseri kwa nyumba yanu mukafunse akukhitchini kuti akhala akugogoda ndani, ndipo anasiya mawu otani. Akati aiwala, akhazikeni pansi akumbukire. Mukawerenga musasunge m'kabati. Patsirani mbusa wina amene mwaona kuti jekete likumulemera mbali imodzi.