Singano Inalowa, Ine Osamva

Chisepo, Dowa
14 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Nedson,

Muli bwanji ku Mzuzuko, inu ndi alamu? Kuno Roza ndi ana ali bwino. Wodwala ndine.

Mwezi watha ndikusoka fodya m'chigafa, Roza anakuwa kuti masamba ali ndi magazi. Singano inali italowa m'chala changa, ine osamva kanthu. Zigamba zotuwa kumsanaku ndazibisa zaka zitatu, poti sizinkayabwa kapena kupweteka.

Kuchipatala anandikanda pakhutu n'kukayeza. Ndi khate, achimwene.

Ndinafunsa adokotala chifukwa chake thupi langa silinandichenjeze. Anati m'magazi muli asilikali olimbana ndi matenda, komanso ena amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuti asapyole muyeso. Mwa ine oletsawo akula mphamvu, ndiye tizilombo taswana mwakachetechete mpaka kuwononga mitsempha. Anati si temberero, si tchimo ayi. Mankhwala ndi aulere, ndimwa miyezi khumi ndi iwiri, koma zala zanga ziwiri zimene zinafa dzanzi mwina sizidzamvanso.

Atafunsa ngati kwathu wina anadwalapo, ndinati ayi. Ndinanama chifukwa cha manyazi, osati a matenda, koma a zimene ndinakuchitani.

Mutadwala khate inu, ndine ndinaswa mbale yanu. Ndine ndinauza abale kuti Mulungu akukulangani, muchoke pamudzi. Zimenezo mukuzidziwa. Chimene simudziwa ndi ichi: makalata atatu amene munalembera amayi mutachira, sindinawapatse. Ankafunsa Lamlungu lililonse tikachokera kutchalitchi ngati mwalemba, ine n'kumati simunalembe. Anamwalira akuganiza kuti munawataya. Makalatawo ali m'sutikesi mwanga, osatsegula.

Dzulo ndinabwerera kuchipatala n'kunena zoona. Mawa ayeza Roza ndi ana.

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kupempha kanthu. Koma usiku manja akamachita dzanzi ndimaopa, ndipo palibe wina amene anadutsa njirayi woti ndimufunse. Kodi khungu likada ndi mankhwalawa limabwerera? Kodi inu munapirira bwanji nokhanokha?

Ngati mungathe, bwerani tikakolola. Ndikakuonetseni pamene tinagoneka amayi, mukawawerengere nokha makalata anu. Mukapanda kubwera, sindidandaula.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Rakele, mwana wanu amene sindinamuonepo. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Reinford