Chikondi Akutsokomola Mumpanda wa Mneneri

Wokondedwa mwana wanga Lufeyo,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi apongozi anga. Ine ndilipo, kungoti miyendo ikukana.

Mlongo wako Esinati akadali kumpanda wa mneneri uja kunsi kwa Michesi. Madzi atakokolola nyumba yake, mwamuna n'kuthawa, iye ankati Mulungu wa kutchalitchi kwathu wagona. Kumeneko anamulandira ndi chakudya ndi nsalu yoyera, kenako anamuletsa chipatala.

Mwana wake wamng'ono, Tadala, watisiya ndi malungo. Ndinamva kwa wakabaza atamuika kale. Ine, agogo ake, kumvera maliro panjira!

Ndinapita konko ndi ndodo yanga. Esinati anatuluka pachipata atawonda, makutu okhaokha. Ndinati, "Mwana wanga, kwathu kuno maliro amaika malume ake osadziwa?" Iye anayankha akuyang'ana pansi, "Inu a kudziko, malume ake ndi aneneri." Sananditchule amayi. Kumbuyo kwake mwana wake wamkulu, Chikondi, ankandisuzumira pampata wa mpanda akutsokomola.

Akumpandawo akuti ndikakanena kupolisi, onse awolokera ku Mozambiki, sindidzawaonanso. Ndikakhala chete, Chikondi atsatira mng'ono wake. Ndagwira njakata.

Chipitireni iwe sindinakupemphepo ngakhale sopo, ukudziwa. Lero ndikupempha, ndipo usatumize kanthu ayi. Mwini mbumba ndiwe. Bwera udzaime pachipata paja, Esinati anene pamaso pako kuti si iwe malume a mwanayo.

Mulungu akuyendetse bwino, koma fulumira.

Ndine amako,
Elube