Theka la piritsi la Atate

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, nawonso mtima sunakhale m'malo.

M'mawa ndinawapeza Atate kuseri kwa khola la ng'ombe akudula piritsi lawo la shuga ndi mpeni. Theka anameza, theka linalo analiphwanyira m'phala la Amai. Nditawafunsa anayang'ana pansi.

Akuti anamva pa wailesi kuti madokotala akufufuza m'makompyuta a zipatala, mmene amasunga mbiri za odwala, kuti aone ngati mankhwala akale ngati a shuga angachedwetse matenda oiwalaiwala, omwe Amai akudwala. Iwo anangogwira mawu akuti "angathandize", basi.

Ndinapsa mtima. Nanga shuga yawo ikakwera? Ya Amai ikatsika, n'kugwa? Ndinawatenga onse awiri pa minibasi mpaka ku kiliniki. Anesi atawayeza anauza Atate mofatsa kuti nkhaniyo ikadali pa kafukufuku, piritsilo azimwa okha, lathunthu. Atate anavomera, chipewa chili m'manja.

Pobwerera, tikuyandikira kwathu ku Palabana, Atate anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, sinifuna vambiri. Nifuna chabe amai ako aniitaneko dzina langa kamodzi." Masiku ano Amai amangowatchula kuti abambo aja obweretsa mkaka.

Madzulo ano ndinawaona pakhonde, Atate akuwamanga Amai duku lomwe linamasuka. Amai anawagwira dzanja n'kuwafunsa ngati ali ndi mkazi kwawo.

"Alipo," anatero Atate, "wokongola maningi."

"Ndiye muzipita, akukudikirani."

Atate sanasunthe, anangopitiriza kukonza mfundo ya duku ija. Ine ndinalowa m'nyumba, chifukwa ndikanakhala pomwepo…