Waya Woyanikira Zovala

Lolemba, 3 Malichi

Mvula usiku wonse. Waya woyanikira zovala wayambanso kuluma zala. Mbali imodzi uli pakhonde, inayo ndinaumangirira ku waya wokoka polo yamagetsi kuti isagwe. Ndinamanga ndine chaka chatha, nditangobwera kudzakhala pano pa achimwene. Mumzere wathu nyumba zonse zimatero. Poyanika timangovala nsapato zapulasitiki, basi. Alamu amaseka, ati umawathetsa tulo.

Lachitatu, 5 Malichi

Alamu agwidwa ndi magetsi. Anatuluka opanda nsapato kukayanika bulangete lonyowa. Ndinawapeza ali gwa, dzanja litakanirira pawaya. Kalipentala woyandikana nafe anamenya mkonowo ndi thabwa louma mpaka anagwa. Akupuma. Awagoneka kuchipatala.

Madzi a tiyi anaphwera pamoto.

Lachinayi, 6 Malichi

Awadula zala ziwiri za kumanja. Achimwene sakugwirika, ati kampani ya magetsi iona polekera. Ine sanandifunse kanthu. Ana awo ndawasambitsa, ndawaperekeza kusukulu.

Bulangete likadali lende pawaya. Palibe wofuna kulichotsa.

Loweruka, 8 Malichi

A magetsi abwera atatu ndi makwerero. Apeza kuti china chake chinasweka pamwamba pa polo, ndiye moto umatsika ndi waya wokokawo. Wamkulu wawo analemba m'kabuku, kenako anafunsa amene anamangirira waya wathu pamenepo, ati n'zoletsedwa. Achimwene anayankha kuti mwina ndi amene ankakhala m'nyumbayi kale, ndipo atamudziwa angamuswe. Ine ndinali pazenera, kupukuta mbale imodzimodziyo. Ndinachita mantha. Atandithamangitsa pano ndilibe kolowera.

Pofika madzulo, mzere wonse unali utamasula mawaya ake. Aliyense akuti iye ankanena kale.

Lamulungu, 9 Malichi

Kuchipatala. Alamu awonda, tsitsi lili nyankhalala. Achimwene atatuluka kukafuna namwino, ndinayamba kulankhula za waya uja. Alamu anandidula.

"Tsiku lija ukumanga, mpando ndinakugwirira ndine. Waiwala?"

Sindinaiwale. Ndinati ndiwauza achimwene lero lomwe.

"Ukawauza akuthamangitsa. Ndiye ana anga aziwasambitsa ndani, ndi dzanja ili?"

Nsapato za achimwene zinamveka pakhomo. Alamu anatenga chipeso ndi dzanja lamanzere n'kundipatsa, natembenuza mutu. Achimwene atalowa anandipeza ndikuwapesa.