Jekete la Ada Lopanda Mutu

Wokondedwa Lameck,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Chintheche tilipo. Ama akudandaula maso, koma kumunda wa chinangwa sajomba.

Usadabwe kuti ndakulembera patatha chaka chathunthu. Sindinaiwale kuti pa maliro a Ada iwe unangotumiza uthenga pafoni, ana a eni ake akukumba manda.

Nkhani ndi kabokosi kaja unawapangira Ama, kooneka akangoyatsa foni, kokhala ndi chithunzi cha Ada ndi vesi la tsikulo. Vesi limaoneka bwinobwino. Koma Ada alibe mutu. Timangoona jekete lawo la kutchalitchi ndi manja.

Foniyo ndinapita nayo kwa Zacharia, wokonza mafoni pamsika. Akuti foni ilibe vuto. Akuti chithunzicho unachikhomerera pa muyeso wa chifoni chako chachikulucho, m'malo mochiuza kuti chizitsata kukula kwa bokosi limene chakhalamo. Ndiye pa kafoni ka Ama, chosakwana chimangodulidwa.

Iwe, mwana wa kalipentala! Waiwala mmene Ada ankatitumira ndi chingwe ku Kande kukayeza felemu asanapale chitseko? Ife n'kudzera kosambira, mfundo ya muyeso pachingwepo n'kumasuka, iwo n'kutibweza wapansi dzuwa lili pamutu. Ankati chitseko sichilamula khomo.

Tsono ndiulule. Vutoli ndinaliona mu Epulo, ndipo ndinakhala chete dala. Aliyense wobwera pakhomo ndinkamuonetsa, ndikumati taonani ntchito za wophunzira wathu. Zinkandikoma, sindikubisa.

Lamlungu lapitali ndinawapeza Ama pakhonde akukanda foni ndi chala, ati mwina chithunzi chitsika. Kenaka anandifunsa ngati mpata wa m'mano a Ada unali m'mwamba kapena m'munsi. Akuti akayesa kukumbuka nkhope ya mwamuna wawo, kumabwera jekete basi.

Ndinawayankha msanga kuti m'mwamba. Lameck, sindikudziwa ngati ndinanena zoona.

Chithunzi chenicheni unapita nacho ndiwe, china tilibe. Konza kabokosiko, ndipo ukayese pa kafoni kakang'ono ngati ka Ama, osati pa chako. Koma usanayambe zonsezo, kalatayi ikangokupeza, tenga chithunzicho, uyang'anitsitse pakamwa pa Ada, undiimbire. Ama adzandifunsanso, ndipo sindikufuna kuwanamiza kawiri.

Upereke moni kwa mlamu wanga Edith ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Modester