Mjigo wa pa Nalikata uli pa layivi

LOLEMBA

07:04 Azakhali Zelifa: ndagi

07:09 Azakhali Zelifa: ndagi iwe ida usandizembe ndakuona uli pa mzere

07:31 Ida: gize azakhali 😅 koma msanga, ndikulowa mu meeting

07:32 Azakhali Zelifa: pa foni ndimalavula madzi, kumudzi kukhosi kuli gwa. ndine ndani

07:33 Ida: mmm zandikanika. ndakupatsani Migowi yonse ndi msika womwe

07:35 Azakhali Zelifa: migowi ndalandira. ndi mjigo wathu wa pa nalikata. pa peji ya khonsolo mwalemba kuti wakonzedwa. si ndiwe umagwira fesibuku ya kumeneko

07:36 Ida: ndine. lipoti anatumiza a Nickson Makina, makaniki wa mijigo wa dera lanulo. ndi chithunzi chomwe, madzi akutuluka

07:40 Azakhali Zelifa: 🎤 0:44
"Iwe mwana wa achimwene anga, tamvera. Mjigo uja unafa Epulo, maliro tinalira, sadaka tinadya. Tikutunga kumtsinje limodzi ndi ng'ombe, ndiye ng'ombezo sizidziwa mzere. Mwana wa neba wanga Ruqayya wagona kuchipatala masiku atatu, kutsegula m'mimba. Mvula ikangoyamba tithera pompo. Madzi a pachithunzipo kaya aNikisoni anabwera nawo m'thumba, ine sindidziwa."

09:58 Ida: azakhali izi nzoopsa. Lachisanu tikutseka mndandanda wa mijigo yoti akatswiri akakonze mvula isanagwe. wanu tinauchotsa chifukwa cha lipotilo

09:59 Azakhali Zelifa: ubwezerepo

10:01 Ida: abwana akufuna umboni. pa post ija pali ma like 212, wodandaula palibe

10:03 Azakhali Zelifa: a ma layiki wo amamwa kuti. ali ku joni ndi ku limbe. ife otunga foni zathu nzamabatani, ya tachi ndi yanga yokha mudzi wonse

10:04 Ida: lembani comment inuyo

10:06 Azakhali Zelifa: ndinalemba. ndinati BODZA. aNikisoni anayika kamtima kofiira

10:07 Ida: kkkkk dikirani

Ida wapanga gulu "Mjigo Nalikata"
Ida walowetsa Nickson Makina

10:15 Ida: a Makina mwadzuka bwnj. anthu akuti mjigo sukutulutsa madzi

11:42 Nickson Makina: Madam zimenezo ndi nsanje chabe. Mijigo 63 yadutsa m'manja mwangamu kuyambira Chiwalo mpaka Mkhumba. Ine ndikangoyika khutu pa chogwirira ndimadziwa matenda

11:44 Azakhali Zelifa: a dokotala muli bwanji. wodwala wanu uja akununkhatu

11:45 Nickson Makina: Amayi Zelifa mumapopa molakwika. Mjigo umafuna luso

11:47 Azakhali Zelifa: ndinayamba kupopa inu muli kumbuyo kwa amanu. ida kodi chija mumachita anthu nkumaonera pompopompo mumati chani

11:48 Ida: live?

11:49 Azakhali Zelifa: chomwecho. abwere apope pa layivi dziko lione luso

11:52 Nickson Makina: Ndi zomwe ndimafuna. Lachitatu 10 koloko. Muuze ndi ma bwana aonere

11:53 Ida: ok. ndilumikiza foni ya azakhali ku peji, ajambule ndi iwowo

LACHIWIRI

14:20 Ida: azakhali mwachajitsa foni?

14:51 Azakhali Zelifa: ili kwa zubairi wa sola. bandulo unditumizire iweyo, ndi ntchito ya boma iyi

14:52 Ida: ndatumiza. plz osatukwana pa live

14:53 Azakhali Zelifa: ine wa mvano ine

14:53 Ida: nchifukwa chake ndikunena

LACHITATU
(Ida ndi Azakhali Zelifa paokha)

06:12 Azakhali Zelifa: ida ndaona zinthu kumtsinje kuno

06:40 Ida: chani?

07:15 Ida: azakhali?

08:30 Ida: mwaona chani, ndiyankheni

09:05 Ida: 📞 simunayankhe

09:21 Ida: abwana ndawauza kale kuti aonere. mukapanda kupezeka mjigo wanu watsala mpaka chaka chamawa, ine nde manyazi

09:48 Azakhali Zelifa: phee mtima. ndimathandiza aNikisoni ntchito

09:48 Ida: KUWATHANDIZA??

09:49 Azakhali Zelifa: munthu azithandiza mnzake. ndidina pati

09:50 Ida: pofiira. ndipo muloze mjigo osati nkhope yanu

(Gulu "Mjigo Nalikata")

09:57 Nickson Makina: Ndafika. Amene amakayika akhale kutsogolo

10:03 Ida: tayamba. anthu 86 akuonera

10:05 Ida: azakhali chala chanu chatseka kamera

10:08 Ida: a Makina speech yakwana, popani

10:10 Ida: eh madzi akutulukadi

10:10 Ida: azakhali nde mwandinamiza?

10:11 Ida: dikirani. zakudazo nchani mu ndowamo

10:11 Ida: ZIKUSAMBIRA

10:12 Ida: yandikitsani foni

10:12 Ida: mbululu 😭😭😭

10:14 Ida: madzi aima. akupopabe koma kukungomveka khwee khwee. anthu 340

10:19 Ida: live yatha. azakhali fotokozani, abwana ali pambali panga pano

10:24 Azakhali Zelifa: 🎤 1:02
"Moni abwana, ndine Zelifa wa pa Nalikata, sukulu ndinalekeza sitandade thuu koma maso ndili nawo. Mmamawa ndapeza akazi awo a aNikisoni ndi alamu awo awiri akutunga kumtsinje, akusefa ndi nsalu bwinobwino. Ndati madzi a chiyani? Akuti a bambo akuti tikatsuke mapaipi. Ndawatsatira. Ndapeza a dokotala atsegula kumutu kwa mjigo, akuthira madziwo m'paipi kuti akapopa alavule. Ndati ayi, ntchito yachitukuko sitiyang'anira, nane ndithandize. Ndiye ine nkhalamba, kumtsinje nkutali, ndangotunga pachithaphwi cha kuseri kwa dimba la Eneya. Ndowa yanga ndayika pakati pa zawo. Athira okha, ndi manja awo a mijigo sikisite-fili."

10:27 Ida: abwana atuluka panja kukaseka

10:31 Ida: ma comment 190. a ku Chiwalo atatu akuti yawonso ndi yakufa, akufunsa tsiku la live yawo

10:33 Ida: Nalikata wabwerera pa mndandanda. ndipo kuyambira lero sitilemba "wakonzedwa" mpaka otunga atsimikize okha

10:35 Azakhali Zelifa: zkm mwana wa achimwene. uwauze akatsiwiriwo asachedwe mitambo yayamba

10:41 Nickson Makina: Madam zija zimachitika. Madzi a pansi kwambiri amakhala ndi zamoyo zake

10:43 Azakhali Zelifa: zoona a dokotala. mukanapopa pang'ono akanatuluka amawo

10:43 Ida: 😂😂😂

10:46 Azakhali Zelifa: ana anu ndawasunga mu ndowa muno alipo 14. mudzawatenga kapena ndilere ine

Nickson Makina akulemba...

Nickson Makina akulemba...

Nickson Makina watuluka m'gulu